DelAgua: bokosi loyezera madzi lomwe limayankha bwino funso limodzi lokha

Ofesi iliyonse ya boma yoyang'anira madzi imalimbana ndi vuto lofanana: madzi oti ayezedwe ali kutali, labotale ili mumzinda. Botolo la madzi ofuna kuyezedwa tizilombo liyenera kufika kwa woyeza pasanathe maola 6, lili lozizira, ndipo likapitirira maola 24 zotsatira zake n'zongotaya. Tizilombo sitidikira galimoto, tina timafera m'njira, tina timaswana. Bokosi la Oxfam-DelAgua linabwera kudzathetsa vuto limeneli potengera labotale kumadziko. Akatswiri a pa yunivesite ya Surrey ku England analikonza mogwirizana ndi bungwe la Oxfam m'zaka za m'ma 1980, ndipo mpaka lero likugwirabe ntchito m'maofesi a zamadzi ndi zaumoyo, m'misasa ya othawa kwawo komanso kumalo komwe kwasefukira madzi.

Tinene msanga maganizo athu. Pa funso loti "kodi chimbudzi cha anthu kapena ndowe za ziweto zalowa m'madzi awa?", bokosili ndi lodalirika, lolimba, ndipo silivuta kukonza. Koma ofesi yomwe ingaligule n'kumati tsopano ikuyang'anira ukhondo wa mitsinje, nyanja ndi madzi a pansi pa nthaka ikudzinamiza. Zambiri zomwe malamulo a zamadzi amaletsa, bokosili silizioona n'komwe.

Kukula kwake ndi ngati kasutikesi, munthu mmodzi amanyamula ndi dzanja limodzi ngakhale kuti batire lake limalemera ndithu. Mkati muli incubator, kachipinda kofunditsa komwe kamasunga kutentha pa madigiri 44, timbale 16 ta aluminiyamu, kapu yotungira yokhala ndi chingwe, chosefera chachitsulo ndi kapampu kake kam'manja, kopanira, timapepala tosefera, timapadi tonyowetsa, machubu awiri olumikizana oyezera kuvunduka kwa madzi, ndiponso kabokosi ka mitundu koyezera klorini ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi). Batire ndi la mavoti 12, limatchajidwa pa magetsi, ndipo bokosi lingathe kulumikizidwanso ku batire la galimoto. Palinso mtundu wina wa ma incubator awiri, wina wa madigiri 37, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku wa 44 ndiye wofunika.

Nzeru yake ndi yosavuta. Madzi amadutsa pa kapepala kokhala ndi timabowo ta mamaikoromita 0.45, tating'ono kwambiri moti mabakiteriya amatsalira pamwamba. Kapepalako amakagoneka pa padi yonyowa ndi chakudya cha tizilombo, n'kukafunditsa usiku wonse. Kachilombo kalikonse kamoyo kamaswana pomwe kagwerapo mpaka kupanga kadontho kooneka ndi maso. Chakudyacho ndi ufa wotchedwa membrane lauryl sulphate broth. Muli shuga wa mumkaka, mankhwala opondereza mabakiteriya ena osafunika, ndi utoto wofiira womwe umasanduka wachikasu ukakumana ndi asidi. Mabakiteriya a m'matumbo akadya shugayo amatulutsa asidi, n'chifukwa chake timadontho tawo timakhala tachikasu. Kutentha kwa madigiri 44 kumalepheretsa abale awo a m'dothi ndi m'masamba kukula. Ndiye chowerengedwa ndi timadontho tachikasu ta milimita 1 mpaka 3. Tapinki, tofiira ndi topanda mtundu sitiwerengedwa.

Kukonza chakudyachi ndi pomwe ambiri amayambira kulakwitsa. Magalamu 38.1 a ufa amasungunulidwa m'mamililita 500 a madzi otcheza, osati a pampopi, chifukwa klorini wa m'madzi a pampopi amapha tizilombo tomwe mukufuna kuwerenga. Mukatero gawani m'timabotolo ting'onoting'ono, lililonse lokwanira tsiku limodzi, ndi kuphika m'poto wa nthunzi wotseka zolimba pa madigiri 121 kwa mphindi 10. Chakudya chabwino chimakhala chofiira ndi chombee. Chikachita mbuu kapena kutembenukira kuchikasu, chalowa tizilombo, tayani. Botolo lomwe latsegulidwa lero lisagone kuti ligwire ntchito mawa. Ufa wosatseka bwino umayamwa chinyezi n'kuuma ngati mwala, ndipo kumalo otentha zimenezi sizichedwa.

Mbali yomwe opanga bokosili anaganiza mozama ndi yophera tizilombo pa chosefera munthu ali kutchire. Mumapukuta kapu yachitsulo kuti iume, n'kuthiramo methanol pafupifupi mililita imodzi, kapena kuti madontho 20, n'kuyatsa. Moto ukatsala pang'ono kuzima mumavundikira chosefera mkati mwa kapu n'kutseka. Methanol woyaka mopereweredwa mpweya amatulutsa utsi wa formaldehyde, ndipo utsiwo ndi umene umapha tizilombo. Pamafunika mphindi 15 chili chotseka. Apa pali misampha itatu. Woyamba, mowa wa ethanol kapena sipiriti wamba sagwira ntchito imeneyi chifukwa satulutsa utsi umenewu, ngakhale kuti amayaka mofanana. Wachiwiri, methanol akachuluka amatsalira pa chitsulo n'kupha tizilombo ta m'madzi otsatirawo, madzi oipa n'kuoneka abwino. Wachitatu, lawi la methanol silioneka bwino padzuwa, ndipo anthu amapsa nalo zala poganiza kuti lazima. Tisaiwalenso kuti methanol ndi poizoni wochititsa khungu, botolo lake lizikhala lolembedwa ndiponso lokhomeredwa.

Mphindi 15 zimenezi zili ndi zotsatira zomwe ogula ambiri saziwerengera. Timbale tilipo 16, ndiye munthu amaganiza kuti ayeza malo 16 pa tsiku. Koma tizilombo tikasefedwa timafunika kupuma kwa ola limodzi incubator isanayatsidwe, kuti tomwe tafooka ndi klorini kapena dzuwa titsitsimuke, ndipo kupumako kusapitirire maola 4. Zikutanthauza kuti pakati pa madzi oyamba ndi omaliza pasadutse maola oposa 3. M'maola 3 muli mphindi 15 zokwana 12 zokha, osawerengera kuyenda, kutunga ndi kulemba. Amene amaidziwa ntchitoyi amayatsa methanol akangomaliza kusefa, kuti mphindi 15 zija zithere m'njira, kapena amagula chosefera chachiwiri. Njira ina ndi kutunga madzi m'mabotolo ophikidwa, kuwasunga m'chozizira, n'kukasefa onse pamalo amodzi. Ngati madziwo ndi othira klorini, m'botolo muyambe mwaikidwa sodium thiosulphate woti athetse mphamvu ya klorini, apo ayi klorini apitiriza kupha tizilombo m'botolomo ndipo mudzayeza madzi osiyana ndi omwe munatunga.

Kuchuluka kwa madzi osefedwa kumadalira gwero. A pampopi ndi a pa mjigo wotetezedwa, mamililita 100. A pachitsime chosavundikira, 50 kapena 10. A mumtsinje wodutsa mumzinda, 10 kapena mililita imodzi yokha, ndipo imodziyo iyenera kusakanizidwa ndi madzi owiritsa ozizira pafupifupi mamililita 10 kuti tizilombo timwazikane pa kapepala ponse m'malo mounjikana pakati. Zotsatira zimalembedwa pa mamililita 100 nthawi zonse: timadontho 23 pa mamililita 10 ndi 230. Timadontho tikapitirira 100 pa kapepala kamodzi timayamba kukhudzana ndi kulandana chakudya, ndipo nambala yake siyodalirikanso. Pa gwero lomwe simukulidziwa, ndi bwino kuwononga timbale tiwiri, kamodzi ka 100 kena ka 10, kusiyana ndi kudzuka m'mawa n'kupeza phala lachikasu losawerengeka. Madzi amatope amatseka timabowo msanga ndipo matopewo amakwirira timadontho, ndiye nyengo ya mvula bokosili limavutika kwambiri pa mitsinje, nthawi yomwe likufunikanso kwambiri.

Zina n'zazing'ono koma zimawononga ntchito ya tsiku lonse. Kopanira kamawambidwa pamoto n'kudikira kazizire kasanagwire kapepala. Mbali ya mizere ya kapepala imayang'ana kumwamba. Pokagoneka pa padi muyambire m'mphepete n'kumatsitsa pang'onopang'ono, chifukwa pomwe patsekeredwa mpweya chakudya sichifikapo ndipo sipamera kanthu. Timbale tonse 16 tizilowa mu incubator ngakhale tina tili topanda kanthu, kuti kutentha kufalikire mofanana. Pakatha maola 16 mpaka 18 werengani pasanathe mphindi 15, poti timadontho tikazizira timasintha mtundu. Mukamaliza, timapepala ndi timapadi tiphikidwe tisanatayidwe, muli mabakiteriya mamiliyoni mmenemo.

Kutentha kwa incubator ndiye mtima wa bokosi lonse. Kuyenera kukhala madigiri 44, kusiyana kwake kosapitirira theka la digiri. Kukatsika, mabakiteriya osachokera m'matumbo amamera nawo, madzi n'kuoneka oipa kuposa mmene alili, mwina chitsime chabwino n'kutsekedwa. Kukakwera, E. coli, mabakiteriya a m'matumbo omwe tikufuna kuwerenga, amafa, madzi oipa n'kulembedwa kuti ali bwino, ndipo kulakwa kumeneku n'koopsa kwambiri chifukwa palibe amene amadandaula ndi zotsatira zabwino. Bokosi limabwera ndi choyezera kutentha chopimira incubator, koma m'maofesi ambiri chimangokhala m'kabati. Chizigwira ntchito pafupipafupi, makamaka pambuyo pa ulendo wa msewu wokumbika. Dziwaninso kuti incubator imangotenthetsa, siziziritsa. Bokosi losiyidwa m'galimoto yotseka mawindo padzuwa lingapitirire madigiri 44 lokha. Batire nalo silifuna kusungidwa lopanda moto, miyezi ingapo yokha limafa osadzukanso, ndipo mabokosi ambiri omwe anthu amati anawonongeka vuto lake limakhala lomweli.

Pa madzi akumwa, malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi achindunji: E. coli kapena anzake opirira kutentha asapezeke ngakhale mmodzi m'mamililita 100. Pothandiza ofesi kusankha koyambira, zotsatira zimagawidwa motere: 1 mpaka 10 chiopsezo chochepa, 11 mpaka 100 chapakati, 101 mpaka 1000 chachikulu, kupitirira 1000 chachikulu zedi. Magawo amenewa amagwirizana bwino ndi zomwe bokosili lingathe. Komabe timadontho tachikasu si E. coli tonse. M'madera otentha mabakiteriya ena monga Klebsiella amakula pa madigiri 44 ngakhale sanachokere m'matumbo, choncho nambala imatha kukwera pang'ono. Chachikulu kuposa apa n'choti bokosili limawerenga chizindikiro cha chimbudzi, osati matenda enieniwo. Siliona kachilombo ka kolera, siliona mavairasi, siliona Cryptosporidium, kachilombo kotsegula m'mimba komwe kamapirira klorini. Mu 1993 mumzinda wa Milwaukee ku America anthu pafupifupi 400,000 anadwala Cryptosporidium kuchokera m'madzi a pampopi othira mankhwala. Kapepala kopanda kadontho n'kabwino, koma si chikalata chotsimikiza kuti madzi alibe matenda.

Zoyezera zina zitatu n'zachangu. Piritsi la DPD nambala 1 limasandutsa madzi pinki malinga ndi klorini wotsala, yemwe pampopi ayenera kukhala pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita. Werengani nthawi yomweyo. Klorini akachuluka kwambiri, kupitirira mamiligalamu 10 pa lita, amafufuta utoto uja, madzi n'kuoneka ngati mulibe klorini, ndipo wosadziwa amawonjezeranso wina. Mukaona pinki wangoti waliwali n'kuzimirira pomwe madzi akununkha klorini, sungunulani ndi madzi ena muyezenso. Piritsi la phenol red limayeza pH kuyambira pafupifupi 6.8 mpaka 8.2, zokwanira kudziwa ngati klorini agwira ntchito, poti pH ikapitirira 8 mphamvu yake imachepa. Koma madzi a asidi otuluka ku mgodi wokhala ndi pH 3 amaoneka chimodzimodzi ndi a 6.8, chifukwa onse ali pansi pa muyeso. Machubu a kuvunduka amayambira pa NTU 5 kukafika 2000 (NTU ndi muyeso wa kuvundukako): mumathira madzi mpaka chizindikiro cha pansi chitasiya kuoneka, muli pamthunzi koma poyera. N'zothandiza pa mtsinje, koma malo oyeretsera madzi amafunika kutsika pansi pa NTU imodzi, ndipo chubu sichingasiyanitse 1 ndi 4.

Tikafika pa madzi a pansi pa nthaka m'pamene kuperewera kwa bokosili kumaonekera poyera. Mjigo wozama womangidwa bwino kawirikawiri umatulutsa ziro pa kapepala, chifukwa dothi limasefa mabakiteriya. Poizoni wake amakhala wosungunuka kuchokera m'miyala, wopanda mtundu, fungo kapena kakomedwe. Ku Bangladesh mijigo mamiliyoni inakumbidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1970 pothawa madzi a m'maiwe oyambitsa kutsegula m'mimba. Pa mabakiteriya inali yabwino. Arsenic anatsimikizika m'madzimo mu 1993, anthu mamiliyoni ambiri atamwa kale kwa zaka, ndipo mijigo inayamba kupakidwa penti, yofiira yoopsa, yobiriwira yabwino. Malire a WHO a arsenic ndi mamiligalamu 0.01 pa lita, a fluoride 1.5, a nitrate 50, a mtovu 0.01. Fluoride wochuluka amadetsa mano a ana n'kupinda mafupa, nitrate wochokera ku feteleza ndi zimbudzi zokumba ndi woopsa kwa makanda. Zonsezi bokosi la DelAgua lokhalokha silizigwira. Pamafunika photometer (kachipangizo koyeza mtundu wa madzi ndi kuwala) ndi mapiritsi ake, choyezera arsenic chapadera, ndipo zitsulo monga mtovu zimafuna labotale. Mjigo uliwonse watsopano uyenera kuyezedwa zimenezi usanaperekedwe kwa anthu.

Katungidwe ka madzi a pansi pa nthaka nakonso n'kosiyana. Madzi omwe akhala m'paipi ya chitsime chongoyezerapo madzi sakuimira madzi a m'nthaka, ndiye amayenera kupopedwa kaye katatu kuchuluka kwa omwe ali m'paipimo. Paipi ya mamilimita 100 imasunga malita pafupifupi 8 pa mita iliyonse. Ngati madzi akuya mamita 20, ndiye kuti malita oposa 450 atayidwe musanadzaze botolo. Pa mjigo womwe anthu amatungapo tsiku lonse kupopa kwa mphindi zingapo n'kokwanira, koma kukamwa kwa mpopi kupukutidwe ndi kuwambidwa.

Pa mitsinje ndi nyanja boma limafunsa mafunso enanso. Muyeso wa 6.3.2 wa zolinga za chitukuko za United Nations, womwe mayiko amapereka malipoti ake ku UNEP, nthambi yake yoona zachilengedwe, umayang'ana zinthu zisanu: okosijeni, mchere, nitrogen, phosphorus ndi pH. Pa zisanuzi bokosili limakhudza pH yokha, pang'ono pomwe. Okosijeni ndiye amauza ngati mtsinje uli moyo. Madzi a madigiri 20 amasunga mamiligalamu pafupifupi 9 pa lita, a madigiri 30 pafupifupi 7.5, ndipo akatsika pansi pa 5 nsomba zambiri zimayamba kuvutika. Zinyalala za ku fakitale ya shuga kapena ya mowa zingathe kumaliza okosijeni yense popanda kuwonjezera timadontho tachikasu tochuluka. Kuziyeza kumafuna BOD, njira yoonera okosijeni yemwe zinyalalazo zimamaliza powola, ya masiku 5 pa madigiri 20, yomwe incubator ya 44 singachite. M'nyanja, phosphorus wochuluka amabereketsa ndere, zina mwa izo zotulutsa poizoni wa microcystin, ndipo okosijeni amasiyana kwambiri pakati pa madzi a pamwamba ndi a pansi, komanso pakati pa mbandakucha ndi masana. Kapu ya pachingwe singatunge madzi a pa mamita 30 osasakanikirana ndi a pamwamba. Zimenezi zimafuna choyezera cha chingwe chachitali ndi botolo lodzitseka pansi pa madzi. Pomwe bokosili limathandiza ndi kulondola komwe zonyansa za m'zimbudzi zikulowera: kuyeza kumtunda kwa paipi yotayira zonyansazo, pa paipi penipeni, ndi kumunsi, botolo lomizidwa masentimita 20 pansi, kukamwa kwake kutayang'ana komwe madzi akuchokera, woyeza ataima kumunsi kwa botolo kuti matope a mapazi ake asalowemo.

Nanga mlandu? Ofesi ikafuna kulanda chilolezo cha fakitale kapena kuitengera kukhothi, loya wa fakitale adzafunsa kuti incubator inapimidwa liti, botolo linadutsa m'manja mwa ndani, ndipo labotale ili ndi chivomerezo cha ISO 17025 kapena ayi. Timadontho towerengedwa pa boneti ya galimoto sitingapirire mafunso amenewa. Ntchito ya bokosili ndi kuonetsa komwe kuli vuto kuti mabotolo omatidwa ndi kusainidwa apite ku labotale yovomerezeka.

Poyerekeza ndi zina, njira ya Colilert ya kampani ya IDEXX imatchula E. coli mwachindunji, imawerenga mpaka 2,419 pa thireyi ya Quanti-Tray/2000, siisamala matope, ndipo sifuna luso la manja lochuluka. Koma imafuna makina omatira, incubator ya madigiri 35, nyali ya UV ndi magetsi odalirika, ndipo kuyeza kulikonse kumadya ndalama zambiri. Thumba la zigawo zisanu la Aquagenx ndi lopepuka, kumalo otentha silifuna incubator, koma likadutsa 100 limangoti "kupitirira 100", choncho pa mtsinje silikuuzani zambiri. Timabotolo ta H2S tomwe timasanduka takuda madzi akakhala oipa n'totsika mtengo zedi, koma timangoti inde kapena ayi, ndipo m'madzi a pansi pa nthaka okhala ndi sulphur timanamiza. DelAgua imadula pogula, imatchipa pogwiritsa ntchito, ndipo imafuna munthu wophunzitsidwa bwino kuposa zonsezi. Ofesi yokhala ndi anthu okhazikika ndi malo ambiri akutali ipindula nayo. Ofesi yomwe antchito amasinthasintha chaka ndi chaka ndi bwino itenge thumba la Aquagenx.

Chinthu chimodzi chomwe bokosili lilibe, ndipo chikanayenera kukhalamo, ndi njira yotsimikizira kuti kuyeza kunachitikadi. Silisunga tsiku, malo kapena kutentha kwa usiku wonse. Zonse zimadalira cholembera cha woyeza. Ku Walkerton, m'chigawo cha Ontario ku Canada, mu May 2000 anthu 7 anamwalira ndipo pafupifupi 2,300 anadwala E. coli O157:H7 atalowa m'chitsime cha tauniyo kuchokera ku ndowe za ng'ombe. Kafukufuku wa boma anapeza kuti oyendetsa madzi ankalemba m'kaundula manambala a klorini omwe sanayeze. Woyang'anira ofesi angatseke mpata umenewu ndi zinthu zochepa. Tsiku lililonse kambale kamodzi kasefedwe madzi owiritsa ozizira, ndipo kakamera kadontho ngakhale kamodzi zotsatira zonse za tsikulo zikayikiridwe. Pa malo 10 aliwonse, amodzi ayezedwe kawiri. Kapepala kalikonse kajambulidwe pa foni pamodzi ndi chivundikiro chake cholembedwa nambala ya gwero, kuchuluka kwa madzi ndi nthawi. Ndipo kaundula yemwe klorini wake ndi 0.5 tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6, mvula kapena chilimwe, apite naye woyang'anirayo kumpopi komweko ali ndi mapiritsi ake a DPD.